Funsani Aphunzitsi: Kukaona zithunzi za m'matchalitchi a kunja, kodi n'kupembedza mafano?

Mwezi uno makalata anayi afika pa nkhani imodzi, ya timagulu tofuna kupita kunja kukaona zojambula ndi zosema za Chikhristu. Ndawaika pamodzi. Ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo, eni ake andikhululukire.

FUNSO: Aphunzitsi, ndife amayi asanu ndi atatu a Chigwirizano mumpingo wa Reformed kuno ku Matero, mu Lusaka. Takhala tikusonkha chilimba, ndipo tinapangana kuti ulendo uno ndalama zisathere m'mapoto ndi m'zitenje, koma tikaoneko kunja. Mwana wa mnzathu amene akuphunzira ku Ulaya amatitumizira zithunzi za m'matchalitchi a kumeneko, ndipo mitima yathu inatengeka. Titawauza akulu a mpingo a dera lathu, anatitsegulira Eksodo 20 n'kunena kuti tikufuna kutaya ndalama pokagwadira mafano. Awiri mwa ife abwerera kale m'mbuyo. Kodi tikapita tichimwa?
Mayi wa Chigwirizano, Matero

YANKHO: Amayi, akuluwo musawakwiyire. Zimene anenazo sanazitole panjira. Mpingo wanu unayamba ndi amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo chiphunzitso chake chimatsamira pa Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563. Funso 98 la katekismayo limafunsa ngati zithunzi zingaloledwe m'tchalitchi kuti zikhale mabuku a anthu wamba, ndipo yankho lake limakana kwamtuwagalu: tisadziyese anzeru kuposa Mulungu, amene afuna kuti anthu ake aphunzitsidwe ndi ulaliki wamoyo wa Mawu ake, osati ndi zithunzi zosalankhula. Inenso ndinakulira mumpingo womwewo. Makoma oyera mbee amene mumawayang'ana Lamlungu lililonse anachokera pa yankho limenelo.

Koma muwapemphe mwaulemu kuti abwerere funso limodzi m'mbuyo. Funso 97 likuti Mulungu sangajambulidwe ndipo sayenera kujambulidwa, koma zolengedwa zikhoza kujambulidwa. Choletsedwa n'kupanga kapena kusunga chithunzi kuti uzichipembedza kapena kutumikira nacho Mulungu. John Calvin mwiniwakeyo, mmodzi wa makolo a mipingo ya Reformed, amene sankafuna kuona fano m'nyumba yopemphereramo, analemba kuti kusema ndi kujambula ndi mphatso za Mulungu.

Eksodo yemweyo musamutsekere pa mutu 20. Pa mutu 25 Mulungu akulamula Mose kupanga akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa. Pa mutu 31 akutchula Bezaleli ndi dzina, akuti wamudzaza ndi mzimu wake kuti agwire ntchito ya golide, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo. Solomo anasema akerubi, akanjedza ndi maluwa pamakoma a kachisi. Koma nkhani imene imandimasula ine ndi ya njoka yamkuwa. Mose anaipanga atalamulidwa, pa Numeri 21, ndipo olumidwa ankaiyang'ana n'kuchira. Patapita mibadwo Aisraele anayamba kuifukizira zonunkhira, mfumu Hezekiya n'kuiphwanya, monga tiwerenga pa 2 Mafumu 18:4. Njoka inali yomweyo, mkuwa womwewo. Chinasintha n'chimene anthu ankachita akaima pamaso pake.

Mkangano wanuwu unayamba Matero kulibe. Cha m'ma 600, bishopu wa ku Marseille dzina lake Serenus anaphwanya zithunzi ataona nkhosa zake zikuzigwadira. Papa Gregory Wamkulu anamulembera kuti analondola poletsa kuzipembedza koma analakwa poziswa, pakuti osadziwa zilembo amawerenga pakhoma. Ku Constantinople anakangana zaka zoposa 100, nkhani n'kudzatha mu 843. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 787 unagamula kuti ulemu wopatsidwa chithunzi umapita kwa amene wajambulidwayo, koma kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo Akatolika ndi a Orthodox aima pamenepo mpaka lero. Makolo a mpingo wanu sanakhutire nazo. Ku Zürich anachotsa zithunzi m'matchalitchi mu 1524, ndipo ku Netherlands mu 1566 makamu a anthu analowamo ndi nyundo ndi nkhwangwa.

Tsono yankho langa ndi ili: simuchimwa. Munthu amene waima pa chithunzi n'kumadzifunsa kuti wojambulayo anaimva bwanji ndime ya m'Baibulo sakugwadira kanthu. Akumvetsera Mkhristu mnzake amene anagona kalekale. Komabe ndisakubiseni. Mukadzafika ku Roma mudzaona anthu akugwada ndi kuyatsa makandulo, ndipo m'tchalitchi cha St Peter muli chiboliboli chamkuwa cha Petro chimene zala zake za kuphazi zinafufutika ndi manja ndi milomo ya apaulendo. Palibe adzakugwireni paphewa kuti muchite nawo. Musadzatsonye kapena kunong'onezana, mudzakhala muli m'nyumba ya eni.

Anzanu awiriwo musawakokere. Aroma 14 amanena za amene chikumbumtima chake chikumukaniza, ndipo Paulo sakuti timunyengerere mpaka agonje. Muwabwezere ndalama zawo zonse pamaso pa gulu, mlembi alembe m'buku, ubale wa Chigwirizano usathere pa tikiti ya ndege.

Ndikanakhala inu ndikanayambira ku Amsterdam, osati ku Roma. Kumeneko mudzaona chimene chinachitika zithunzi zitatuluka m'tchalitchi: ojambula sanasiye Baibulo, anangoyamba kujambulira nyumba za anthu. Ku Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zojambula ya mumzindawo, kuli chithunzi cha Rembrandt cha mu 1660 cha Petro akukana Ambuye. Mdzakazi wanyamula kandulo, dzanja lake latchinga lawi, kuwala konse kwagwera pankhope ya Petro. Asilikali akhala kutsogolo ndi zipewa zawo zachitsulo. Anthu ambiri amaona zimenezo n'kudutsa. Inu mudzadikire maso azolowere mdima, kenako mudzayang'ane kumwamba cha kudzanja lamanja. Yesu ali komweko, patali, womangidwa manja, akucheuka. Ndi Luka 22:61, ndipo palibe mkulu wa mpingo angakane kuti umenewo ndi ulaliki. M'nyumba yomweyo muli zithunzi za Pieter Saenredam za matchalitchi oyera opanda chokongoletsa, ofanana ndi chanu cha ku Matero. Mukatero mukwere sitima kupita ku Ghent, ku Belgium, mukaone chithunzi cha paguwa cha ojambula awiri apachibale, a van Eyck, chimene chinatha mu 1432, cha Mwanawankhosa wa m'Chivumbulutso ataima paguwa, mwazi ukutsikira m'chikho. Mu 1566 anachibisa munsanja ya tchalitchi kuti ophwanya aja asachipeze. Chigawo chimodzi chinabedwa mu 1934 ndipo sichinapezeke mpaka pano, chimene mudzaone pamalopo n'chojambula china chofanizira.

Musananyamuke, akuluwo muwaitane ku phunziro limodzi la Baibulo, muwaonetse chithunzi cha Petro chija. Kaya adzasintha maganizo kaya ayi, adzadziwa chimene mukupitira.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine wapampando wa mphakati wathu ku Chelstone. Kampani ina ya maulendo yatipatsa pepala la ulendo: mayiko asanu m'masiku 10, basi ya anthu 45. Mayi a kunyumba akuti tipite ochepa, anthu asanu ndi awiri, ku Italy kokha, ngakhale mtengo wa munthu mmodzi ukwereko. Ine ndikuti ulendo wotere umabwera kamodzi pa moyo, bwanji osaona zambiri? Tiweruzeni.
Bambo wa ku Chelstone

YANKHO: Bambo, mlanduwu mwaluza. Mverani amayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tengani pensulo muwerenge. Pa masiku 10 aja, awiri ndi a m'ndege, chifukwa kuchoka pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda mudzayenera kusintha ndege ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai. Otsalawo muwagawe kwa mayiko asanu, n'kuchotsapo maola a pamsewu, a kunyamula zikwama, a kudikira anthu 45 pamzere wa kuchimbudzi, ndi a kufunafuna mmodzi amene wasochera m'sitolo. Chotsala n'chochepa, ndipo mudzabwera ndi foni yodzaza koma osakumbuka kuti tchalitchi ichi chinali cha kuti.

Malo enieniwo ndiwo amakana chigulu. Mgonero Womaliza wa Leonardo da Vinci, umene anajambula pakati pa 1495 ndi 1498 pakhoma la chipinda chodyera cha ansembe ku Santa Maria delle Grazie ku Milan, amalowetsa anthu owerengeka kwa mphindi 15, ndipo matikiti amatha kudakali masabata ambiri. Ku Padua, m'tchalitchi chaching'ono cha Scrovegni chimene Giotto anamaliza cha m'ma 1305, amayamba akukhazikani m'chipinda china kuti chinyezi cha kunja chisalowe nanu, kenako n'kukulowetsani kwa kanthawi. Anthu asanu ndi awiri amakwana patebulo limodzi ndi m'matekisi awiri, ndipo mmodzi akamawerenga ndime monong'ona, onse amamva.

Lamulo langa ndikakhala ndi kagulu ndi lakuti zithunzi zoti tiime nazo zisapitirire zitatu patsiku. Zina timangozipatsa moni n'kudutsa. Tisanalowe timawerenga ndime pakhomo. Tikalowa, mafoni m'thumba, pakamwa potseka, mphindi khumi. Mphindi ziwiri zoyamba aliyense amaona ngati watha kuona, ndipo mapazi amayamba kuyabwa. Pambuyo pake m'pamene chithunzi chimayamba kutulutsa zake. Ndiyeno aliyense amanena chimene waona, osati chimene anawerenga. Wophunzira kwambiri m'gulumo alankhule pomaliza.

Ndikupatseni chitsanzo. Ku Roma (wa ku Italy, osati wathu woyandikana ndi Ng'ombe uja) kuli tchalitchi cha San Luigi dei Francesi, pafupi ndi Piazza Navona. Kulowa ndi ulere. Pakona yakumanzere kutsogolo pali zithunzi zitatu za Mateyu zojambulidwa ndi Caravaggio, ndipo pamafunika kandalama kachitsulo koponya m'bokosi kuti magetsi ayake, ndiye musathe tchenji chonse pa khofi. Yang'anani cha kumanzere, cha Kuitanidwa kwa Mateyu, cha mu 1599 mpaka 1600. Amuna asanu azungulira tebulo la ndalama, atavala zovala za m'nthawi ya Caravaggio, nthenga pazipewa, lupanga m'chiuno. Yesu walowera kudzanja lamanja, wopanda nsapato, ndipo Petro wamutchinga pafupifupi thupi lonse. Chikuoneka bwino ndi nkhope ndi dzanja lotambasulidwa, lofooka pang'ono, lofanana ndi dzanja la Adamu limene Michelangelo anajambula padenga la tchalitchi cha Sistine ku Vatican. Kuwala kwadutsa pamwamba pa mutu wake n'kugwera patebulo. Bambo wandevu waloza ndi chala, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati akudziloza yekha kapena akuloza mnyamata wa kumapeto kwa tebulo. Mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa Soweto, amene tinali naye m'gulu, sanavutike nazo. Anati Mateyu ndi mnyamatayo, chifukwa sanadzutse mutu, ndipo munthu akamawerenga tchenji samva ngakhale umuitane ndi dzina. Kenako anationetsa mapazi a Yesu, atatembenukira kale kukhomo. Tinakangana za mapazi amenewo mpaka pa chakudya cha madzulo. M'basi ya anthu 45 mayiyo sakanatsegula pakamwa.

Ulendo wanu ndikanaukonza motere: masiku asanu ku Roma, atatu ku Florence, basi. Sitima yothamanga pakati pa mizinda iwiriyi imatenga ola limodzi ndi theka. Yambani pansi pa nthaka, m'manda a Priscilla, kumene Akhristu a m'zaka za m'ma 200 anajambula Mbusa Wabwino, Yona ndi anyamata atatu m'ng'anjo. Mudzadabwa kuti Yesu wopachikidwa mulibe. Anthu amene ankaona mtanda ukupha anzawo sankathamangira kuujambula. Chimodzi mwa zosema zakale kwambiri za kupachikidwako chili pa chitseko chathabwa cha tchalitchi cha Santa Sabina, cha m'zaka za m'ma 400, kakang'ono, pamwamba kumanzere, moti osauzidwa sungakaone.

Za Sistine ndinene zoona, ngakhale ena adzandida. Michelangelo anajambula dengalo kuyambira 1508 mpaka 1512, ndipo Chiweruzo Chomaliza cha pakhoma la kuguwa kuyambira 1536 mpaka 1541. Ndi ntchito yoopsa. Koma denga lili pamtunda wa mamita pafupifupi 20, anthu amakhala thithithi, alonda amangokhalira kuletsa phokoso ndi makamera, ndipo umafikamo miyendo itatha kale ndi makonde a Vatican. Pitani ndithu, koma muliphunzire dengalo kuno ku Chelstone musananyamuke, mudziwe kuti Yona ali pati, Nowa ali pati, ndipo munyamule timagalasi toonera patali. Tsiku limenelo musaikepo china.

Malo amene ine ndimawakonda kuposa onse ndi San Marco ku Florence, nyumba yakale ya ansembe a Dominican. M'zaka za m'ma 1440 Fra Angelico, amene anali mmodzi wa iwo, anajambula pamodzi ndi omuthandiza chithunzi chimodzi m'kachipinda kalikonse kogona. Sanajambulire alendo. Anajambulira munthu mmodzi amene ankadzuka n'kupemphera m'kachipindako chaka ndi chaka, n'chifukwa chake mulibe zokometsera zambiri. Mukakwera masitepe mumangoti maso dwii ndi Gabriyeli akulonjera Maria. Pa khomo la kachipinda pamakwana anthu awiri kapena atatu. Papa John Paul II, yemwe uja anabwera kuno mu 1989, anamutcha wojambulayu wodala mu 1982.

Zina n'zazing'ono koma zimawononga tsiku. Matchalitchi ambiri amatseka masana n'kudzatsegulanso chakumadzulo, ndipo nthawi ya Misa saloleza kuyendayenda. Nyumba zambiri zosungiramo zojambula zimatseka Lolemba. Za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pamene kulowa ndi ulere ndipo mzere wake ndi wosayamba. Mapewa ndi mawondo azikhala ophimbidwa, apa chitenje m'chikwama chimapulumutsa. July ndi August kumatentha koopsa ndipo alendo amachuluka, bola March, October kapena November. Funsani bambo mfumu a parishi yanu za nyumba za alendo zoyendetsedwa ndi masisitere. N'zaukhondo ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi wabwinoko, kungoti zina zimakhoma geti usiku. Madzi a m'mipope ya m'misewu ya Roma ndi akumwa, musagule a m'botolo. M'basi nambala 64 yopita ku Vatican chikwama chizikhala kutsogolo. Nsapato zatsopano muzisiye. Nsima kulibe, ndipo mudzakhala ndi moyo.

FUNSO: Aphunzitsi, kagulu kathu ka kwaya kakufuna kupita ku Italy chaka chamawa. Za viza timva zosiyanasiyana. Tiyambire pati?
Mlembi wa kwaya, Chilenje

YANKHO: Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ndipo Vatican ilibe viza yakeyake. Mumapempha ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mudzagonamo masiku ambiri, ndipo Italy ili ndi ofesi yake kuno ku Lusaka. Kuyambira mu June 2024 mtengo wa munthu wamkulu ndi mayuro 90, osabwezedwa ngakhale akukaneni. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndi pasipoti imene idzakhalabe ndi moyo miyezi itatu mutatuluka kumeneko. Mukhoza kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limatuluka m'masiku 15 koma likhoza kufika masiku 45, choncho musadikire mwezi womaliza. Ziwerengerozi zimasintha, muzitsimikize pa tsamba la kazembe.

Ngakhale mupite ngati gulu, aliyense amayesedwa payekha. Chimene akufuna kuona n'chakuti mudzabwerera: kalata ya kuntchito kapena mapepala a bizinesi, sitetimenti ya kubanki yosonyeza ndalama zolowa mwezi ndi mwezi, malo ogona, ndondomeko ya ulendo. Ndalama zongobwereka kwa achibale n'kuziponya mu akaunti sabata yomweyo zimaonekera poyera. Kalata ya mpingo imathandiza koma siilowa m'malo mwa zimenezi. Tikiti yosabwezeka musagule viza isanatuluke. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mnzake mkati ndipo viza ndi yotsimikizika mukamupatsa kenakake, mutsanzikeni. Ndalama za gulu zikhale mu akaunti ya osainira awiri kapena atatu, ndipo mugwirizane polemba, lero, chimene mudzachite mmodzi akadzakanidwa. Chinanso, ngati m'gulumo muli amene akuganiza zokatsalira komweko, mumudziwe msanga, chifukwa adzatsekera khomo onse obwera pambuyo.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimajambula zikwangwani za mabarbershop ndi magolosale ku Kalingalinga. Ndalama za ku Ulaya ndilibe. Komanso ndimadabwa, bwanji Yesu wa pakalendala ya agogo anga ndi mzungu watsitsi lalitali? Kuli kumene ndingapite kukaona Yesu wooneka ngati ife?
Mnyamata wa burashi, Kalingalinga

YANKHO: Mwanawe, kalata yako ndiyo yandikondweretsa kuposa zonse. Nkhope imene ukunenayo, ngati ndi ija yoyang'ana cham'mbali, tsitsi lofiirira lotsikira m'mapewa, inajambulidwa ndi Warner Sallman wa ku Chicago mu 1940, ndipo inasindikizidwa mamiliyoni osawerengeka mpaka kufika pakhoma la agogo ako. Mauthenga Abwino sanena chilichonse za maonekedwe a nkhope ya Yesu. Anali Myuda wa ku Galileya. Mtundu uliwonse umene unamujambula unabwereka nkhope za kwawo, ndipo Azungu sanayambe ndiwo.

Ethiopia inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Ezana, mayiko ambiri a kumpoto kwa Ulaya asanamve n'komwe. Zithunzi zawo zili ndi maso akuluakulu ndi mizere yolimba, ndipo pali kalamulo kamene wojambula ngati iwe angakakonde: olungama amaonetsa nkhope yonse ndi maso awiri, oipa amajambulidwa cham'mbali, diso limodzi. Ku Gondar, denga la tchalitchi cha Debre Berhan Selassie ladzaza nkhope za angelo zoyang'ana mbali zonse. Ku Lalibela kuli matchalitchi 11 osemedwa m'thanthwe cha m'ma 1200, osati omangidwa koma okumbidwa kuchokera pamwamba, moti ukaima pamphepete mwa dzenje la Bete Giyorgis, denga lake looneka ngati mtanda limakhala kumapazi ako. Nsapato amavula pakhomo. Ndege ya ku Addis Ababa imanyamukira pompano pa Lusaka. Koma kuyambira mu 2023 m'chigawo cha Amhara, mmene muli Gondar ndi Lalibela, mwakhala nkhondo, choncho aliyense wofuna kupitako ayambe wafufuza za chitetezo. Mu Addis Ababa momwemo, nyumba yosungiramo zakale ya pa yunivesite, imene kale inali nyumba yachifumu ya Haile Selassie, ili ndi zithunzi zakale zambiri.

Ku Kenya, Elimo Njau anajambula moyo wa Yesu pamakoma a tchalitchi cha Anglican ku Murang'a mu 1959, m'mapiri ndi m'midzi ya Akikuyu. Ku Zimbabwe, kufupi ndi Bulawayo, kuli Cyrene Mission imene Canon Edward Paterson anayambitsa, kumene ana asukulu anajambula tchalitchi chonse mkati ndi kunja, miyala ya Matobo ikuoneka kumbuyo kwa nkhani za m'Baibulo. Kwathu konkuno, ku Choma, Emmanuel Nsama anajambula makoma a tchalitchi cha sukulu ya atsikana ya Njase. Ndipo kodi unalowapo mu Cathedral of the Holy Cross kuno ku Lusaka, ya mu 1962 ija, kukaona mmene magalasi a mitundumitundu amaponyera kuwala pa konkire? Ambiri timangoidutsa paminibasi.

Koma kwa thumba lako, ulendo wa kunja ndi wa ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi. Viza siifunika, pasipoti yokha. Mishoniyo inayambitsidwa ndi a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anatsegula KuNgoni, malo a osema ndi ojambula. Kumeneko udzaona Maria ndi atumwi osemedwa m'mitengo ya komweko, a nkhope za anthu amene unakwera nawo basi. Mu Chamare Museum muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana ndi zinthu za Angoni ndi Ayao. Ndikudziwa kuti Akhristu ena a kwathu ku Chipata ndi ku Katete amanyansidwa kumva kuti za kudambwe zili pa mishoni, ndipo kukangana kwake sikunathe. Pita ukaone wekha, ubwere ndi maganizo ako.

Chenjezo limodzi, monga mphunzitsi wa zojambula. Kutenga Yesu wa pakalendala n'kumupaka penti yakuda sikunathe ntchito. Caravaggio uja ndamutchula pamwambapa sanangosintha khungu, anasamutsa nkhani yonse n'kuiika m'chipinda cha mumzinda wake, ndi zovala, ndalama ndi litsiro la komweko. Iwe Mateyu wako amakhala pati? Mwina m'kabokosi ka mobile money pakona pa msewu wanu, foni ziwiri m'manja, anthu ali pamzere. Kuwala kukuchokera kuti nthawi ya 16 koloko? Ndani wadzutsa mutu, ndani sanadzutse? Yamba kujambula zimenezo papepala usanagule penti.

Peza anzako atatu kapena anayi, ena ukawapeza ku malo oonetsera zojambula a Henry Tayali pa Showgrounds, musonkhe ya basi ndi ya malo ogona. Njira ndi ya Great East Road mpaka Chipata, kudumpha malire pa Mwami, Mchinji, Lilongwe, kenako kutsikira kunyanja. Mukhale masiku osachepera awiri, limodzi m'myuziyamu ndi m'tchalitchi, lina pansi ndi osema, kuona mmene amagwirira sompho ndi tchizulo. Nyamula buku la mapepala oyera ndi mapensulo, ndipo usatulutse kamera usanapemphe. Pewani miyezi ya mvula. Basi za ku Chipata zimanyamuka pa Intercity m'mamawa, ndiye tikiti mugule kudakali tsiku limodzi.